Kuyeza Mwaŵi: Masamu Amene Ana a Kunyanja Amabwera Nawo Kusukulu

Pa mitu yonse ya masamu imene mphunzitsi amakumana nayo pophunzitsa ana a zaka zapakati pa 12 ndi 15, ulipo umodzi umene umaoneka wosavuta pabolodi koma n'kukhala wovuta kuukhazika mumtima mwa mwana. Mutuwu m'Chingerezi amautcha probability, ndipo ife m'nkhani ino tiutcha kuyeza mwaŵi. Lamulo lake ndi lalifupi: ŵerengani njira zimene chinthu mukuchifunacho chingachitikire, ŵerenganinso njira zonse zimene zilipo, ndipo mulembe nambala yoyambayo pamwamba pa yachiŵiriyo monga fulakishoni. Mwana wochenjera akhoza kuloŵeza lamuloli pa mphindi zisanu, nakhoza mayeso ake bwino lomwe. Koma mwana yemweyo akatuluka pachipata cha sukulu amakhulupirirabe kuti ndalama imene yagwa mutu kasanu iyenera kugwa mchira ulendo wachisanu ndi chimodzi. Lamulo latsala m'kope, ndipo maganizo ake sadasinthe ngakhale pang'ono.

Chimene tikufuna kukuuzani inu aphunzitsi a maŵa ndi chimodzi. Mwana ayambe waponya, waŵerenga ndi kudabwa, ndipo lamulo libwere pambuyo kudzalongosola zimene maso ake aona kale. Zimenezi takhala tikuzilingalira nthaŵi zonse pamene tiyendera ophunzira athu amene akuyeserera ntchito ya uphunzitsi m'masukulu a dera la Monkey Bay, m'boma la Mangochi, pakuti kumeneko ana amabwera kusukulu atadziŵa kale zambiri za mwaŵi, ngakhale kuti sadazilembepo ndi nambala.

Malo okhalira kuyerekeza

Monkey Bay, malo amene ena amawadziŵa ndi dzina loti Lusumbwe, ndi doko limene moyo wake wonse umadalira nyanja. Kumeneku ndi kumene adalumikiza zitsulo za sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndi kuyamba kuyenda pa Nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1951. M'midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka ndi Malembo, palibe tsiku limene limapita popanda munthu wamkulu kuyerekeza za maŵa. Kodi mwera uwomba usiku uno? Kodi usipa uli chakuno kapena wapita kuzisumbu? Kodi mafuta a injini amene tigula lero abweza ndalama zake?

Mwana wa msodzi amadziŵa kuti mwezi ukakhala ukuŵala kwambiri usipa subwera kunyali ya siginala monga umachitira pa mdima, chotero chilimira chimatuluka chopepuka. Amadziŵanso kuti mwera umavuta kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Koma chachikulu n'chakuti amadziŵa kuti zimenezi sizichitika masiku onse. Alipo masiku a mdima amene ukonde umabwera wopanda kanthu, ndipo alipo masiku a mu Julayi amene nyanja imagona chete ngati madzi a mumtsuko. Mwana wotere amasiyanitsa kale mawu akuti "kaŵirikaŵiri", "mwa apo ndi apo", ndi "mwina". Ameneŵa ndiwo maziko a phunziro lonse. Ntchito ya mphunzitsi ndi kumthandiza kuti mawu akuti "mwina" awapatse muyeso, monga momwe mawu akuti "kutali" tidawapatsa makilomita.

Mwaŵi wa munthu ndi mwaŵi wa chinthu

Vuto loyamba lili m'chinenero. M'makalasi apamwamba masamu amaphunzitsidwa m'Chingerezi, pamene mwanayo kwawo amalankhula Chicheŵa, Chiyao kapena Chitonga. Mphunzitsi akafuna kumthandiza amatchula mawu akuti mwaŵi, ndipo apa m'pamene pali msampha. M'kalankhulidwe kathu mwaŵi ndi chinthu chimene munthu amakhala nacho. Timati uje ngwamwaŵi, uje ngwatsoka, uje adasamba mankhwala. Koma m'masamu mwaŵi suli mwa munthu woponyayo, uli mwa chinthu choponyedwacho. Dayisi silidziŵa dzanja limene laliponya, kaya ndi la mwana wa mfumu kaya la mwana wamasiye. Mphunzitsi akapanda kunena zimenezi poyera pa tsiku loyamba, iye adzakhala akulankhula za dayisi pamene ana akumva za mphumi ya munthu.

Njira imene taiona ikuthandiza ndi ya chingwe. Mangani chingwe pakati pa mitengo iŵiri pabwalo la sukulu. Kumapeto kwina pachikani pepala lolembedwa 0, kutanthauza chinthu chosatheka konse, ndipo kumapeto kwinako pepala lolembedwa 1, kutanthauza chinthu chimene sichingalephereke. Pakati penipeni pachikani theka. Tsono mupatse mwana aliyense kapepala kolembedwa chochitika chimodzi kuti akakapachike pamene iye akuona kuti mpoyenera. Kena kanene kuti dzuŵa lituluka kuvuma maŵa, kena kuti kampango apezeka pamwamba pa mtengo wa mlambe, kena kuti mvula igwa ku Monkey Bay tsiku lina mu Januwale, kena kuti mvula yamphamvu igwa pa 15 Ogasiti, kena kuti mwana woyamba kubadwa kuchipatala sabata yamaŵa adzakhala mtsikana.

Phindu la phunziroli lili m'mikangano imene imabuka. Mwana wina adzapachika mvula ya mu Ogasiti pa 0 penipeni, ndipo mnzake adzatsutsa kuti agogo ake adaionapo. Musathamangire kuŵeruza. Alekeni akambirane mpaka atagwirizana okha kuti kapepalako kasunthidwe pang'ono, kakhale pafupi ndi 0 koma osakhudza. Pamenepo ana apeza okha kusiyana kwa chinthu chosatheka ndi chinthu chosoŵa, ndipo kusiyana kumeneku ambiri a ife akuluakulu sitikusamala.

Ndalama ndi chitsekerero cha botolo

Vuto lachiŵiri ndi lakuti ana ambiri amaganiza kuti paliponse pamene pali zotsatira ziŵiri, mwaŵi wake ndi theka. Tidamva mnyamata wina wa mu Sitandade 8 akunena molimba mtima kuti mwaŵi woti bwato la atate ake ligwire nsomba ndi theka, "pakuti mwina agwira, mwina sagwira." Yankho lotere limamveka lanzeru, ndipo silingachotsedwe ndi mawu okha. Lichotsedwa ndi chitsekerero cha botolo.

Yambani ndi ndalama yachitsulo. Gwirizanani ndi ana kuti mbali ina itchedwe mutu, inayo mchira. Akhale aŵiriaŵiri, wina aziponya, wina azilemba timizere, ndipo aliyense wa magulu ameneŵa aponye ka 20. Pano tinene mawu otonthoza inu amene mudzapatsidwa makalasi odzaza. Pa mitu ina yonse kuchuluka kwa ana ndi mtolo wolemera, koma pa mutu uno ndi chuma. Kalasi ya ana 80 ili ndi magulu 40, ndipo pa mphindi khumi zokha idzakhala itaponya ka 800, ntchito imene mphunzitsi yekha akadaigwira masana onse.

Lembani pabolodi zotsatira za gulu lililonse. Gulu lina lidzapeza mitu 13 pa 20, lina 7, lina 10, ndipo ana adzayamba kunenezana kuti ena akubera. Tsono yambani kuphatikiza: magulu asanu oyamba, kenaka khumi, kenaka makumi aŵiri, mpaka kalasi yonse, ndipo pa sitepe iliyonse ana apeze gawo la mitu pa zoponya zonse. Adzaona ndi maso awo kuti nambala imene poyamba inkalumphalumpha ikudekha pang'onopang'ono pafupi ndi theka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukukwanira bwino pa masamu ameneŵa.

Apa mukhoza kuwasimbira nkhani ya John Kerrich, mphunzitsi wa masamu wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Iye adali ku Denmark m'mwezi wa Epulo 1940 pamene asilikali a Germany adalanda dzikolo, ndipo adatsekeredwa mumsasa wa akaidi a nkhondo. Ali m'menemo adaponya ndalama ka 10,000, napeza mitu 5,067. Onetsani ana kuti sadapeze 5,000 yeniyeni, koma kuti gawo la mitu lidayandikira theka kwambiri. Chimene Kerrich adachiona ndi manja, Jacob Bernoulli wa ku Switzerland adali atachitsimikiza kale ndi masamu m'buku lake limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1713: kuyesa kukachuluka, gawo limene tipeza limayandikira mwaŵi weniweni wa chinthucho.

Tsiku lotsatira sinthani ndalama ndi zitsekerero za mabotolo a zakumwa, zimene ana akhoza kutola okha pamsika. Chitsekerero chimagwa chagada kapena chafufumimba. Funsani ana asanaponye kuti mwaŵi wa chagada ndi wotani, ndipo pafupifupi onse adzati theka. Aponyenso monga adachitira dzulo, muphatikize zotsatira. Popeza mbali ziŵiri za chitsekerero sizifanana m'maumbidwe, palibe chifukwa choyembekezera theka, ndipo palibe buku limene lingakuuzeni yankho pasadakhale. Yankho lidzachokera m'kuŵerenga kwa kalasi yanu. Ndipo pamenepo mwana adzamvetsa chinthu chachikulu: lamulo lija la kuŵerenga njira limagwira ntchito pokhapokha njira zonse zili zofanana mphamvu. Pamene sizifanana, monga pa chitsekerero, pa mvula, ndi pa bwato la atate ake a mnyamata uja, tiyenera kuyesa kambirimbiri ndi kusunga kaundula.

Ndalama sikumbukira

Vuto lachitatu ndi lozama kuposa onse, ndipo ndi lija tidalitchula poyamba. Munthu amaona ngati mwaŵi uli ndi ngongole imene uyenera kubweza: mitu ikachuluka, michira iyenera kubwera kudzalipira. Koma ndalama ilibe mutu wokumbukira. Ulendo uliwonse imayamba mwatsopano, ndipo mwaŵi wa mutu umakhalabe theka ngakhale mitu itatsatizana kakhumi.

Pali seŵero limene limaonetsa zimenezi mokondweretsa. Gaŵani kalasi paŵiri, inu mutuluke panja. Gulu lina liponye ndalama ka 50 ndi kulemba zotsatira motsatana pabolodi. Gulu linalo lisaponye konse, lingopeka mndandanda wa zotsatira 50 umene likuganiza kuti ungakupusitseni. Mukaloŵa yang'anani mndandanda umene uli ndi mitu kapena michira yambiri yotsatizana. Nthaŵi zambiri umenewo ndiwo weniweni, pakuti pa kuponya ka 50 si zachilendo kuti mbali imodzi itsatizane kasanu, pamene ana opeka amachita mantha kulemba mitu yoposa itatu pamodzi. Mukaloza bwino ana adzati mwachita matsenga, ndipo mpata wophunzitsa udzakhala utatseguka.

Nkhani imeneyi imafika mpaka m'mabanja mwathu. Kuno kumene ambiri timatsata mtundu kwa amayi, banja limene labereka anyamata anayi otsatizana limamva mawu ambiri: ena amati wachisanu adzakhala mtsikana ndithu, ena amayamba kufunafuna amene adatseka mbumba. Ana a mu Fomu 1 akhoza kulemba okha njira zonse zimene ana anayi angabadwire, ndipo adzapeza kuti zilipo 16, ndi kuti imodzi mwa izo ndi ya anyamata okhaokha. Ndiye kuti pa mabanja 16 alionse a ana anayi tiyenera kuyembekeza pafupifupi limodzi lotere, popanda munthu aliyense kulakwa kapena kulodza. Mwana wachisanuyo mwaŵi wake ndi womwe uja, pafupifupi theka. Mtsikana amene wamvetsa zimenezi ali pasukulu sadzalola kusenzetsedwa mlandu umene si wake akadzakula.

Mpikisano wa mabwato

Ana akazoloŵera kuyesa, nthaŵi yakwana yowaonetsa mphamvu ya kuŵerenga njira. Pafunika madayisi aŵiri pa gulu lililonse. Ngati sukulu ilibe, tsatani nzeru ya TALULAR imene mumaphunzira kuno kukoleji, yogwiritsa ntchito zimene zikupezeka pafupi: dayisi likhoza kusemedwa pa kamtengo kapena kuumbidwa ndi dongo. Dayisi loumba pamanja likhoza kupendekera mbali imodzi, ndipo kumeneko si kulephera ayi, pakuti ana akhoza kuliyesa ka 120 ndi kuŵeruza okha ngati lili lachilungamo.

Jambulani pansi mizere 12, ndipo pa mzere uliwonse muike kamwala koimira bwato, kuyambira nambala 1 mpaka 12. Mabwato onse akuchoka ku Monkey Bay kupita ku Chembe, ndipo ulendowo uli ndi masitepe khumi. Madayisi aŵiri akaponyedwa, bwato limene nambala yake ikufanana ndi kuphatikiza kwa madontho limasuntha sitepe imodzi. Mwana aliyense asankhe bwato lake mpikisano usanayambe. Ena adzasankha 12 chifukwa ndi nambala yaikulu, ena 1 chifukwa ndi yoyamba. Posakhalitsa mwini bwato la nambala 1 adzadandaula kuti lake silikuchoka padoko, ndipo anzake adzamuuza okha chifukwa chake: madayisi aŵiri sangapereke nambala yochepera 2.

Mpikisano ukabwerezedwa kangapo, ana adzaona kuti mabwato a pakati, 6, 7 ndi 8, ndiwo amafika msanga. Musawauze chifukwa. Apatseni ntchito yojambula tebulo la mizere isanu ndi umodzi choimirira ndi isanu ndi umodzi chopingasa, alembe m'bokosi lililonse kuphatikiza kwa madayisi aŵiriwo. Mabokosi onse ndi 36. Nambala 7 ikupezeka m'mabokosi 6, nambala 6 ndi 8 m'mabokosi 5 iliyonse, pamene 2 ndi 12 zikupezeka m'bokosi limodzi lokha iliyonse. Chotero mwaŵi wa 7 ndi 6/36, ndiye kuti 1/6, ndipo wa 12 ndi 1/36. Tsopano lembani lamulo lija pabolodi. Lidzafika ngati mlendo amene ana akhala akumudikira, chifukwa likuyankha funso limene iwo eni afunsa.

N'kwabwino kuwauzanso kuti masamu ameneŵa adabadwira pa mafunso onga omweŵa. M'chaka cha 1654 akatswiri aŵiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, adalemberana makalata pofuna kupeza njira yachilungamo yogaŵira ndalama za maseŵero a mwaŵi amene adaduka asanathe. Njira yawo idali yomweyi ya kulemba njira zonse zimene zikadatheka ndi kuziŵerenga.

Kuŵerenga nsomba zimene sitikuziona

Phunziro limene limakhudza kwambiri ana a kunyanja ndi la thumba. Ikani nyemba zambiri m'thumba losaonekera mkati, ndipo muwauze ana kuti thumbalo ndi nyanja, nyembazo ndi chambo. Funso ndi lakuti: tingadziŵe bwanji kuchuluka kwake popanda kukhuthula thumba? Mwana mmodzi atape nyemba 40, azipake choko kapena inki, azibwezere, ndipo thumba ligwedezedwe bwino. Wina atapenso nyemba 50. Tiyerekeze kuti mwa zimenezi 10 zapezeka zopakidwa. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a zotapidwazo ndi lopakidwa, chotero tingaganize kuti nyemba 40 zija ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a thumba lonse, ndipo thumbalo lili ndi nyemba pafupifupi 200. Magulu osiyana adzapeza mayankho osiyana, ena 170, ena 240, ndipo pomaliza mukhuthule thumba kuti aone kuti adayandikira motani.

Njira yoika chizindikiro pa nsomba ndi kuzibwezera m'madzi idagwiritsidwa ntchito ndi katswiri wa nsomba wa ku Denmark, C. G. J. Petersen, cha m'ma 1890. Ndipo ana a ku Monkey Bay ali ndi mwaŵi wakuti pakhomo pawo pomwe pali malo a boma ofufuzira za nsomba. Akatswiri a kumeneko sangaŵerenge nsomba zonse za m'nyanja. Amayeza gawo laling'ono la zimene zagwidwa, m'malo osiyanasiyana ndi pa nthaŵi zosiyanasiyana, ndipo kuchokera pamenepo amayerekeza za nyanja yonse. Mphunzitsi wakhama akhoza kupempha mmodzi wa iwo kuti adzacheze ndi kalasi yake.

Pali chifukwa chachikulu chophunzitsira zimenezi. Chambo cha m'nyanja ya Malombe, kumwera kwa tauni ya Mangochi, chidachepa koopsa kuchokera m'zaka za m'ma 1980 kufika m'ma 1990. Nsomba zikamachepa sizitha tsiku limodzi, ndipo pakati pa masiku oipa pamabwerabe tsiku limene ukonde umadzaza. Munthu wosadziŵa kuyeza mwaŵi amagwira tsiku limodzi lomwelo ngati umboni wakuti nsomba zilipo zambiri ndi kuti oletsa kusodza pa nyengo yoswana akungovutitsa anthu. Mwana amene adatapa m'thumba kakhumi, napeza mayankho khumi osiyana, amadziŵa kuti kutapa kamodzi sikunena zonse.

Zimene zili pachiswe

Mwina wina mwa inu adzafunsa ngati n'koyenera kutaya masiku asanu pa mutu umene pa mayeso umabwera ndi funso limodzi kapena aŵiri. Yankho lathu lili pa zinthu ziŵiri zimene zikudikira ana ameneŵa kunja kwa mpanda wa sukulu.

Choyamba ndi kubetcha pa mpira, kumene masiku ano kwafika m'matauni ang'onoang'ono ndiponso m'mafoni a m'manja. Mnyamata amene wagwira ganyu yokoka ukonde usiku wonse amatenga ndalama zake n'kulosera maseŵero khumi pa tikiti imodzi, poona kuti mphotho yake ndi yaikulu. Tiyeni timuŵerengere. Ngakhale titati pa seŵero lililonse mwaŵi wake wolosera bwino ndi theka, kuti akhoze onse khumi ayenera kuchulukitsa theka kakhumi, ndipo yankho ndi 1 pa 1,024. Ngati akungolota pakati pa kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu, mwaŵiwo umatsika kufika pa 1 pa 59,049. Tiyerekeze anyamata 1,024, aliyense ataika K500. Onse pamodzi apereka K512,000, ndipo mwa iwo tiyembekeza mmodzi yekha kupambana. Mwini malonda sangapereke mphotho zoposa zimene amalandira, pakuti akadatero akadatseka kalekale. Wopambana mmodziyo mbiri yake imamveka msika wonse, pamene anzake 1,023 amabwerera kwawo mwakachetechete. Simufunika kulalikira ana za kuipa kwa njuga. Apatseni ndalama yachitsulo, muwauze kuti wopeza mitu khumi yotsatizana alandira mphotho, ndipo muwaleke ayese mpaka atatopa.

Chachiŵiri ndi nyanja yeniyeniyo. Nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza pa wailesi pamene mwera ukuyembekezeka. Tsiku lina chenjezo limaperekedwa koma nyanja n'kukhala bata, ndipo anthu amati a zanyengo ndi abodza, ulendo wina sitidzawamvera. Mwana amene adapachika timapepala pa chingwe chija amadziŵa kuti chinthu chimene mwaŵi wake ndi 7 pa 10 chimalephera kuchitika katatu pa maulendo khumi alionse, ndi kuti kulephera kumeneko sikusandutsa chenjezo kukhala bodza.

Pali masamu enanso amene inu aphunzitsi muyenera kuwadziŵa, ngakhale ana aang'ono sangawatsate onse. Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti kuwoloka ndi bwato lodzaza mopitirira muyeso kuli ndi ngozi ya 1 pa 100. Munthu amene wawoloka kamodzi nafika bwino amati palibe choopsa, ndipo kunena zoona mwaŵi wake wofika udali waukulu. Koma akachita zimenezi maulendo 100, mwaŵi woti akumane ndi ngozi kamodzi kapena koposa umafika pafupifupi 63 pa 100. Ngozi yaing'ono yobwerezedwa tsiku ndi tsiku imasanduka yaikulu. Nyanja yathu idaonetsa kale mphamvu zake pa 30 Julayi 1946, pamene sitima ya Vipya idamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 adataya miyoyo yawo. Ngati chombo chachitsulo chidagonja, bwato la matabwa liyenera kuyenda ndi nzeru. Makolo adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo n'zoona kuti tsiku lenileni la tsoka palibe angalidziŵe. Koma nyengo imene tsoka limakonda kubwera ikhoza kudziŵika, ndipo kudziŵa kumeneko ndiko kuyeza mwaŵi.

Ulemu pophunzitsa

Tisanamalize tikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Mutu uno umayenda pafupi ndi zimene anthu amakhulupirira. M'kalasi mwanu mudzakhala ana a Chisilamu ndi a Chikhristu amene kwawo adaphunzira kunena kuti "Mulungu akalola" asanatchule za maŵa, ndiponso ana amene atate awo amasamala miyambo ina asanaloŵe m'bwato. Si ntchito yanu kuseka zimenezi, ndipo mukatero mudzatseka makutu a ana ndi a makolo omwe. Masamu oyeza mwaŵi sanena chimene chidzachitike maŵa. Amangonena chimene chimachitika kangati pa maulendo ambiri. Msodzi wopemphera amayang'anabe mitambo asanapalase, ndipo saona kutsutsana kulikonse pakati pa ziŵirizi. Inunso imani pomwepo.

Mwana akanena kuti mnzake ali ndi dzanja lamwaŵi, musamutsutse ndi mawu. Muuzeni kuti, "Tiyeni tiyese." Wa dzanja lamwaŵiyo aponye ka 100, wina aliyense aponyenso ka 100, ndipo timizere ta pabolodi tiyankhe. Mukatero mudzakhala mutamphunzitsa chinthu choposa fulakishoni, ndicho chizoloŵezi chofunsa kuti "kangati pa kangati?" asanakhulupirire zimene wamva.

Chotero pamene mukukonza maphunziro anu a mutu umenewu, sungani choko kufikira tsiku lachitatu kapena lachinayi. Masiku oyambawo tengani chingwe, zitsekerero, timiyala ndi thumba la nyemba. Kalasi idzachita phokoso, ndipo n'kwanzeru kuwadziŵitsiratu aphunzitsi aakulu ndi a kalasi yoyandikana nayo. Onetsetsani kuti gulu lililonse likulemba zimene lapeza moona mtima, ngakhale zitaoneka zachilendo, pakuti zotsatira zachilendozo ndizo zimene phunziro la tsiku lotsatira lidzayambirapo.